Taiwo Wanga Akulephera Masamu Dala

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, ndipo ndimajambula zithunzi kuno ku Igbo-Ora. Kashopu kanga kali pafupi ndi pokwerera mabasi. Ndimajambula za pa chitupa, za ukwati, za maliro a anthu amene akalamba bwino, ndi za ana oyamba sukulu. Sekondale ndinamaliza. Masamu ndinkawakonda, ngakhale iwo sankandikonda kwenikweni. Ndanena izi kuti mudziwe kuti amene akukulemberaniyu amatha kuwerenga pepala la mayeso, komanso kuti amadyera kuyang'ana nkhope za anthu. Munthu akamamwetulira mokakamiza ndimadziwa, poti womukakamizayo ndimakhala ine.

Ndili ndi ana aakazi awiri, mapasa, a zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Kuno kwathu kubereka mapasa si nkhani yoimikira munthu pamsewu. Mukaima pamsika n'kufuula kuti "Taiwo!" theka la msika limatembenuka, ndipo theka linalo ndi a Kehinde amene akufuna kudziwa chimene mnzawo akuitanidwira. Awa ndiwo maina amene mapasa amapatsidwa kuno, ndipo anganso ndi Taiwo ndi Kehinde. Monga mukudziwa, Taiwo ndiye amayamba kutuluka koma wamkulu ndi Kehinde, poti iyeyo ndiye amatuma mnzakeyo kuti akalawe kaye dziko, iye n'kutsala m'mimba kudikira kuti amve ngati kunja kuli bwino. Kehinde wanga nkhani imeneyi anaimva ali wamng'ono ndipo sanaiiwale. Mpaka lero akafuna madzi akumwa amati, "Mthenga wanga, kathamange." Taiwo amayankha kuti, "Chabwino agogo, khalani pomwepo, mungathyoke." Koma madziwo amakatengadi.

Onse awiri ali m'kalasi ya sayansi. Kumeneko amaphunzira masamu a mitundu iwiri, wamba ndi owonjezera, ndipo lamulo la pasukulu pawo ndi lakuti wolephera masamu owonjezerawo pa mayeso otseka teremu ino achoke, apite ku kalasi ya zamalonda kapena ya mbiri ndi zaboma. Mayesowo ndi mwezi wamawa.

Taiwo masamu ndi ake. Sindikunena chifukwa ndi mwana wanga. Ana anga ali ndi zolakwa zokwanira kalata ina. Koma chiyambire pulayimale sanachokepo pagulu la otsogola. Jenereta ya pashopu ikayamba kutsokomola amaikonza ndi iyeyo, ine nditamugwirira tochi. Akufuna kudzakhala injiniya wa zamagetsi, akuti kuti adzaone ndi maso ake kumene magetsi athu amakagona akachoka. Kehinde masamu amawakoka ngati mbuzi yopita nayo kumsika. Chake ndi pakamwa. Akayamba kutsutsana ndi mayi ake za amene atsuke mbale, umangoona mayi akewo akutsuka okha, atavomereza kuti chilungamo ndi chimenecho. Akaweruka amakonda kuima pawindo la kakhoti kali kuseri kwa shopu yanga kumvetsera milandu ya malire a minda, madzulo n'kumatiuza pamene woweruza waphonya. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Bambo, kodi loya amafunika sikweya ruti?" Ndinaseka, n'kumuuza kuti loya amangofunika jekete.

Mufunsa kuti nanga ku sayansi anakatani. Anapita chifukwa Taiwo anapita. Akazi anga, amene aliyense amawatcha Iya Ibeji, mayi wa mapasa, moti dzina lawo lakuti Morenike linatsala pa chitupa pokha, ali ndi lamulo limodzi: chimene wapatsa wina, upatsenso mnzake. Nsalu imodzi, tsitsi kuluka mofanana, nsapato za mtundu umodzi ngakhale phazi la Kehinde ndi lokulirapo. Musawaseke. Iwo anali ndi alongo awo mapasa. Mmodzi anatengedwa ndi amalume kukaphunzira ku Ibadan, wotsalayo anadwala n'kumwalira chaka chisanathe. Achipatala anati ndi malungo. Apongozi anga anati ndi kulekanitsa. Kachifanizo ka mtengo ka womwalirayo kali m'nyumba mwathu, ndipo akazi anga amakasambitsa, kukadzoza mafuta ndi kukaveka kansalu. Lamlungu amaimba kwaya, ndipo saona kuti pali mkangano pamenepo.

Ana atabwera ndi nkhani ya lamulo la kusukulu, mayi awo anali akusankha nyemba. Sanakweze mutu. Anangoti, "Wina akatsika, onse atsika."

Ine ndinati, "Iya Ibeji, sukulu si msika woti mugula ziwiriziwiri. Mwana wokhoza samuchotsa."

Iwo anati, "Ndiye ndikagona pakhomo pa ahedi mpaka amuchotse. Baba Ibeji, inu anthu mumangowajambula. Ine ndinawabereka."

Ana onse anali pomwepo. Taiwo ankayang'ana mnzake, Kehinde ankayang'ana nyemba. Mawu akuti mwana wokhoza samuchotsa anatuluka pakamwa panga, ndipo ndikuganiza kuti alipo amene anawatola n'kuwasunga.

Teremu ino akuphunzira mafankishoni. Kwa amene anaiwala, fankishoni ili ngati chigayo. Umathira nambala pamwamba, pansi imatuluka ina, malinga ndi lamulo la chigayocho. Ukhoza kugayitsa nambala imodzi m'zigayo ziwiri, chilichonse pachokha, n'kuphatikiza zotulukazo. Ukhozanso kutenga chotuluka m'chigayo china n'kuchithira m'chinzake. Apa ndi pamene ana ambiri amagwera, chifukwa yankho limatengera chigayo chimene wayamba nacho.

Loweruka lina masana ndinali m'kachipinda ka kumbuyo kwa shopu ndikudula zithunzi za pa chitupa. Atsikanawo anali panja, akuchapa nsalu imene ndimapachika kumbuyo kwa makasitomala, ija ili ndi nyumba yosanja ndi ndege. Windo linali lotsekula, ndipo ndinamva Taiwo akuphunzitsa mnzake.

"Tamvera, agogo," anatero. "Chigayo f chimachulukitsa kawiri. Chigayo g chimawonjezera zitatu. Ndakupatsa 5. Phatikiza f ndi g."

"10 ndi 8, ndiye 18," anatero Kehinde. "Zimenezo ngakhale nkhuku ikhoza."

"Eya. Pamenepo aliyense wagwira ntchito yekha, kenako mwasonkhanitsa. Kaya wayamba ndani, zilibe kanthu. Tsopano ndipatse fg wa 5."

"Ndiyamba ndi f, poti ndiye ali patsogolo. 10. Ndiwonjezere zitatu, 13."

"Wagwa nayo."

"Ndagwa bwanji? Ndayamba ndi woyamba!"

"Amene ali patsogoloyo ndi wamkulu, ndipo wamkulu sathamanga. Amatuma. f ndi iweyo, g ndi ine. 5 uja amayamba wakumana ndi ine, ndimamusandutsa 8, kenako ndimabwera naye kwa iwe, iwe n'kumuchulukitsa. 16."

"Ndiye kuti ine ndangokhala pampando?"

"Monga mwa masiku onse."

"Nanga gf?"

"Pamenepo dziko latembenuka, ndakutuma ndine. Ndi 13 wako uja."

"N'chifukwa chake yankho lake lachepa," anatero Kehinde. "Mwana kutuma wamkulu, madalitso amathawa."

Anaseka, madzi akukhavukira pansi. Kenako Taiwo anawonjezera kuti, "Komanso usamangolandira chilichonse chimene ndabwera nacho. Ukakhala sikweya ruti, ine n'kukubweretsera nambala yochepera ziro, umakana. Pamenepo palibe yankho." Kehinde anati, "Kukana kokha ndimakhoza, usade nkhawa."

Aphungu, zimenezi ine ndinaphunzira ndi ndodo kalekale, koma ndinazimva tsiku limenelo, nditagwira sizasi.

Posakhalitsa analemba mayeso a pakati pa teremu, pa mutu womwewo. Kehinde anapeza 34 pa 100. Taiwo anapeza 36.

Kehinde za 34 wake sanadandaule. Anayang'ana pepala la mnzake n'kuti, "Iwe mthenga, 36? Wakagwera m'dzenje liti?" Taiwo anati mutu unkamupweteka. Kehinde anati, "Mutu wakowo ndi wanzeru. Wakupweteka mpaka kukufikitsa pafupi ndi ine, n'kuima." Tsiku limenelo Kehinde sanadye, ndipo iyeyo kusiya amala, nsima yathu ya kuno, m'mbale ndi nkhani yoitanira anthu. Mayi awo anangoti, "Mwaona? Magazi amodzi. Wina akagwa, mnzake amamva."

Ndinapita kukaonana ndi aphunzitsi awo a masamu, a Ojelabi, munthu wabwino koma wotopa, amene kalasi yawo ndi yodzaza mpaka pakhomo. Anandiuza kuti, "Baba Ibeji, ine mwana wanu wandidabwitsa. Paliponse pamene ndafunsa fg, wandipatsa gf. Pamene ndafunsa gf, wandipatsa fg. M'kati monsemo mulibe cholakwa, ngakhale kachizindikiro. Ali ngati munthu amene watchena bwinobwino, nsapato zopolisha, koma yakumanja wavala kumanzere." Iwo akuganiza kuti ndi msinkhu, mwina pali kamnyamata kakumusokoneza. Ndinawathokoza n'kutuluka.

Ine ndikudziwa kuti palibe kamnyamata. Mwana wosokonezeka amalakwa pano, n'kukhoza apo mwangozi. Kuti munthu aphonye funso lililonse osasiyako, ayenera kudziwa yankho la lililonse. Ndipo amene anasokoneza fg ndi gf ndi yemweyo amene ndinamumva ndi makutu anga akuziphunzitsa pa beseni.

Ndinamuyesabe. Akundigwirira nyale pashopu, ndinamufunsa mongocheza kuti, "Taiwo, paja pa fg amayamba ndani?" Yankho linafika pamilomo, ndinaliona, kenako analimeza. Anati, "Zimenezo zimandizunguza mutu, Bambo." Nkhope imene anandionetsa ndaijambulapo kambiri. Ndi ya mkazi wamkulu pa ukwati wa mwamuna wake ndi mkazi wachiwiri, akamauza alendo kuti wasangalala.

Ndikuganiza kuti akumvera mayi ake. Anamva kuti wokhoza samuchotsa, ndiye wasankha kusakhoza kuti atsike limodzi ndi mnzake popanda wina kukagona pakhomo pa ahedi. Akachitanso zomwezi mwezi wamawa, sayansi yatha, uinjiniya watha, ndipo pasukulu pawo wochoka sabwerera.

Ndiye ndichite chiyani? Ndikauza a Ojelabi, nkhani ifika kwa ahedi ndipo mwana wanga atchedwa wachinyengo, ngakhale sindinamvepo wina akulangidwa chifukwa chodzibera yekha. Ndikamukalipira Taiwo, agwada, apepesa, n'kukachita zimene waganiza, poti anatengera mayi ake. Ndikauza mayi akewo, adzati mwana wachita bwino. Ndipo ndisakunamizeni. Ine ndimati za kulekanitsa mapasa sindizikhulupirira, koma nyemba za mafuta ofiira zimene akazi anga amaphikira mapasa mwamwambo ndimadya nawo, ndipo chibadwire cha ana amenewa sindinayerekezepo kugula diresi imodzi. Bwanji nditawalekanitsa, wina n'kudwala? Ndidzawayang'ana bwanji akazi anga?

Ndithandizeni mayeso asanafike.

R.A.,
Igbo-Ora


Bambo R.A.,

Maso anu sanakunamizeni. Mwanayo akulephera dala, ndipo akulephera mwaluso moti ndikanakhala a Ojelabi ndikanamupatsa mphoto mwakabisira. Ndatenga pensulo kuyesa 16 ndi 13 uja. Mphunzitsi wa pa beseni sanalakwe.

Koma inu wojambula mwachita chimene simungalole kuti chituluke m'shopu yanu. Pachithunzi pali anthu awiri, inu mwalunjika mmodzi, winayo watuluka mwachimbuuzi. Werenganinso kalata yanu. Zimene Taiwo akufuna mwazilemba momveka, ndi jenereta yomwe. Zimene Kehinde akufuna mwazilembanso, koma ngati nthabwala. Mtsikana amene anzake akamapita kukacheza iye amakaima pawindo la khoti anakufunsani funso lochokera mumtima, inu munamuyankha za jekete.

Choncho m'nyumba mwanu odzimana ndi awiri. Kehinde anayamba kudzimana tsiku limene analowa m'kalasi ya sayansi, ndipo palibe amene anaona, chifukwa kulephera kwake kumaoneka kwachibadwa. Taiwo wangoyamba kubweza. Inu mukuti akumvera mayi ake. Mwina. Ine ndikuona china. Mayi ananena kale kuti onse atsika. Taiwo atakhoza n'kutsitsidwabe, tauni yonse idzati Kehinde wamira ndi m'bale wake, ndipo Kehinde adzasenza mawu amenewo mpaka imvi. Pogwa yekha, Taiwo akufuna kuti pasapezeke woloza chala mnzakeyo. Mwana wotere sakalipiridwa. Koma asaloledwenso kupitiriza, chifukwa mphatso imene akuperekayo ndi yolemera kwambiri moti woilandirayo sadzatha kuinyamula.

Mwafunsa kuti muuze ndani. Muyankhula ndi onse, koma ana anu akuphunzitsani kale kuti chigayo chimene wayamba nacho chimasintha chotuluka.

Yambani ndi Kehinde, ali yekha, kutali ndi nyumba. Mupite naye kokajambula, pobwerera mumugulire chakumwa. Dzina la Taiwo musalitchule. Muuzeni kuti funso lake la loya lija munaliyankha mopepuka ndipo mukufuna kulimvanso. Mukatero khalani chete. Ndikudziwa kuti bambo kukhala chete pamaso pa mwana wake n'kovuta, koma inu mumadikira makanda kuti asiye kulira musanajambule, ndiye mtima wodikira muli nawo. Akanena chimene akufuna, mufunseni kuti akuganiza kuti 36 uja anachokera kuti. Musamuuze inu. Akudziwa kale. Munthu sasiya amala chifukwa cha mutu wa mnzake. Mawu akuti "mnzako akulephera chifukwa cha iwe" ali ngati nambala yochepera ziro ija. Mukawathira mwa Kehinde, sipatuluka yankho.

Kenako mayi. Kumeneko musapite ndi mawu a achipatala. Mayi amene amasambitsa kachifanizo kaja akusamalira mlongo wawo, ndipo mukayamba kuwatsutsa za malungo mwaluza mlandu usanayambe. Avomerezeni kuti mantha awo ali ndi pochokera, ndipo auzeni zimene mwandiuza ine, kuti inunso mumaopa. Mwina sanamvepo zimenezo pakamwa panu. Mukatero akumbutseni kuti Ibadan ndi kutali, pamene kalasi ya mbiri ndi zaboma ili kuseri kwa khoma. Ana adzadzuka m'chipinda chimodzi, kudya m'mbale imodzi, kuyenda njira imodzi ndi kuweruka belu limodzi. Sizifanana ndi zimene zinachitikira alongo awo.

Lamulo lawo musalithyole, chifukwa lili kumbali yanu. Chimene wapatsa wina, upatsenso mnzake. Taiwo anapatsidwa kalasi ya kumtima kwake. Kehinde anapatsidwa chiyani? Kalasi ya Taiwo. Mwanena nokha kuti phazi la Kehinde ndi lokulirapo. Sindikukhulupirira kuti Iya Ibeji anamuvekapo nsapato ya saizi ya mnzake n'kumuuza kuti apirire poti ndi mapasa. Amagula mtundu umodzi, aliyense ya phazi lake. Ku sukulu kokha ndi kumene mwana mmodzi wakhala akutsimphina mu nsapato ya mnzake. Ndipo mwambo womwewo umati mapasa ulendo wawo amauyamba polekana pang'ono, wina kutsogola, wina kutsala, kenako n'kukumana m'manja mwa mayi mmodzi.

Mfundo zimenezi musazinene nonse nokha. Mwamuna akachuluka mfundo, mkazi amamva phokoso. Inu tsekulani chitseko, wolankhula akhale Kehinde. Mwana amene amawatsukitsa mbale mayi ake atavomereza kuti ndi chilungamo, uwu ukhale mlandu wake woyamba. Mayi akalira, alekeni alire. Asayankhe tsiku lomwelo. Asankhe kaye nyemba zawo.

Kwa a Ojelabi mupite pambuyo pake, ndi zopempha ziwiri. Choyamba, ngati n'kotheka Kehinde asamuke yekha mayeso asanafike, kuti atulukire pakhomo, osati kuponyedwa pawindo. Chachiwiri, mudziwe ngati 36 uja adzawerengedwa pa zotsatira za teremu, kuti Taiwo adziwe phiri limene wadziunjikira. Za dala musawauze. Ingowatsimikizirani kuti mwanayo mutu wasiya kumupweteka, ndipo apempheni mwaulemu kuti nkhani ya kamnyamata ithere pomwepo isanafike kwa aphunzitsi ena, chifukwa mbiri yotere pa mtsikana imamera msanga kuposa udzu.

Mwina ndalakwa. Mwina Kehinde adzakuuzani kuti sayansi akuifunadi. Zikatero mupezereni wina womuphunzitsa, osati Taiwo, chifukwa Taiwo akamamuphunzitsa amayezanso kuti iye atsike mpaka pati. Ndipo mumuuze poyera kuti akhoza kulimbikira n'kulepherabe, ndipo zikatero palibe amene adzatsike naye. Koma ndikabetcha, ndibetcha pa windo la khoti lija.

Za matenda, sindingakulonjezeni kuti palibe adzadwale. Ana amadwala, a kalasi imodzi ndi a makalasi awiri omwe. Wina akatentha thupi, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mayi akafuna kuphikanso nyemba aphike, inu mudye nawo monga kale.

Chenjezo langa ndi ili: musatembenuze ndondomekoyi chifukwa cha changu. Taiwo ndiye akukuwawani mtima, ndiye mudzafuna kuyamba ndi iye. Musatero. Mukamuuza kuti akakhoze, adzagwada, adzati "Chabwino, Bambo," n'kukalembanso 36 waukhondo. Mayi ake akamuuza, adzaganiza kuti mwawakakamiza. Mwana ameneyu chibadwire amatumidwa ndi munthu mmodzi, amanyinyirika, koma sanakanepo. Inu ntchito yanu ndi kumasula wotumayo. M'mawa wa tsiku la mayeso, imani pakhomo mutatseka pakamwa, ndipo mulekeni Kehinde anene mawu amene amanena akafuna madzi.

Aphungu